Downey wabwerera ku Marvel, nanga ife a ku Lilongwe amatiwerenga?

Yamikani: Anthu a gulu, nkhani ya Robert Downey Jr ikundivutabe mumtima. Munthu tinamulira mu Endgame mu 2019, Iron Man anafa tonse tikuona, ena mpaka kugwetsa misozi. Lero akuti abwerera atavala chigoba china, ndi Doctor Doom. Chilengezereni ku San Diego mu Julaye 2024 ndakhala ndikuyesa kuzivomera koma zikukanika. Filimu yakeyo, Avengers: Doomsday, ayiika pa 18 Disembala 2026. Kodi osewera ena anatha ku Hollywood?

Mphatso: Sanathe amwene, a Marvel, kampani yopanga mafilimuwa, anagwidwa ndi mantha. The Marvels ya 2023 inangodutsa pang'ono $200 miliyoni dziko lonse lapansi, pamene Endgame inafika pafupi ndi $2.8 biliyoni. Uwonjezerepo kuti Jonathan Majors, amene amayembekezera kuti akhale mdani wamkulu, anamuchotsa khoti la ku New York litamupeza wolakwa mu Disembala 2023. Munthu ukamaterereka umagwira mtengo umene ukuudziwa.

Yamikani: Ndiye ife tiziona nkhope yomweyomweyo mpaka liti?

Mphatso: Mpaka idzasiye kugulitsa matikiti. Hugh Jackman anatsanzika pa Wolverine mu 2017, koma atamubweza mu Deadpool & Wolverine mu 2024 inalowetsa $1.3 biliyoni. Akaona chonchi ukuganiza kuti angamusiye Downey kunyumba?

Chisomo: Ine Downey ndilibe naye mlandu, luso ali nalo. Mwaiwala kuti watenga Oscar ndi Oppenheimer? Uja sanali Tony Stark wa Iron Man ayi, anali munthu wina, wanjiru, woyankhula motsitsa. Akamusiya avale chigoba osavula, Doom akhoza kumutha bwinobwino.

Yamikani: Angamulipire ndalama zonse zija kuti abise nkhope? Adzavula basi.

Tiyamike: Pepani ndifunse, musandiseke. Mukamati filimu inapeza $200 miliyoni koma yagwa, zimatheka bwanji? Kwa ine $200 miliyoni ndi ndalama zoti boma likhoza kumangira misewu.

Thoko: Palibe wokuseka mng'ono wanga, funso ndi labwino ndipo ambiri pagulu pano amangoponya manambala osawamvetsa. Chimene amati box office ndi ndalama za pakhomo basi, ngati zimene amalengeza Bullets ikasewera ndi Silver Strikers ku Bingu Stadium. Ukamva chiwerengero chija pa wailesi sindiye kuti timu yanyamula zonse. Eni bwalo amatengapo, achitetezo amalipidwa, SULOM ndi FAM amatengapo gawo lawo, zotsala ndiye matimu agawane. Mafilimu ndi chimodzimodzi. Eni nyumba zoonetsera kanema amasunga pafupifupi theka la ndalama ya tikiti, ndipo ku China kampani ya ku Hollywood imangolandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye pali ndalama zotsatsira filimu, zikwangwani, ma trailer, maulendo a osewera, zimene sizilowa m'chiwerengero cha ndalama zopangira chimene timamva. N'chifukwa chake amati filimu yaikulu imafunika ipeze kawiri kapena kawiri ndi theka ya ndalama imene inapangira kuti ingobweza mpamba.

Thoko: Chitsanzo chabwino ndi Joker. Yoyamba ya 2019 inapangidwa ndi ndalama zosapitirira $70 miliyoni, inapeza zoposa $1 biliyoni. Yachiwiri ya 2024 anathiramo pafupifupi $200 miliyoni, anabweretsanso Lady Gaga, koma pakhomo inangotolera zongodutsa pang'ono $200 miliyoni yomweyo. Chotsa theka la eni nyumba zoonetsera, chotsa zotsatsira, uona dzenje limene anagweramo.

Tiyamike: Zikomo asisi, apa ndiye ndamva. Zili ngati wa geni amene amanyadira kuti wagulitsa katundu yense koma osawerenga thiransipoti ndi chiphaso cha msika.

Thoko: Ndendende.

Chisomo: Komanso Joker yachiwiriyo ikutsutsa mfundo ya a Mphatso. Joaquin Phoenix anali yemweyo, dzina lomwelo, nkhope yomweyo. Anthu anakana chifukwa analowa kufuna nkhani ya zigawenga napeza anthu akuimba.

Mphatso: Ndavomera, dzina palokha silikwana. Koma popanda dzina ndalama zopangira sakupatsa n'komwe.

Amalume a ku Kawale: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira mmawa. Ndili ndi funso lina. Ife tinakulira m'mavidiyo. Kuno ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi, kunali tizinyumba tamdima, mabenchi a matabwa, TV imodzi pamwamba ndi chinsalu pakhomo. Panja amalemba pabolodi kuti lero ndi Van Damme, mawa Jackie Chan, usiku Chuck Norris. Timalipira makobidi pakhomo, amene analibe amasuzumira pabowo mpaka mwini wake awathamangitse. Nyumba imadzaza, thukuta lokhalokha, akitala akamenya tonse kuimirira. Ndiye ndikufunsa inu owerengera ndalama: makobidi athu aja analowa m'manambala amene mukutchulawo?

Thoko: Ayi amalume, ngakhale tambala imodzi.

Amalume a ku Kawale: Ndimadziwa. Nanga lero? Pagulu pano tilipo anthu ambiri, tonse Endgame tinaonera. Ndani analipira tikiti?

Mphatso: Ine ndinaonera pa laputopu ya mnzanga ku Area 25.

Yamikani: Ine pa fulashi.

Chisomo: Ine ndinaonera yomasulira m'Chichewa kwa alamu anga ku Chinsapo, DJ akufotokoza zake, ana akuseka mpaka kugudubuka. Kenako ndinadzaoneranso yachizungu.

Amalume a ku Kawale: Ndiye mwaona. Tikukangana za mabiliyoni a eni ake ngati tinaponyamo kanthu. Yamikani akudandaula kuti sakumumvera pa nkhani ya Downey. Angakumvere bwanji mwana wanga, sakudziwa n'komwe kuti ulipo.

Yamikani: Amalume mawu amenewo andilasa, koma ndi oona.

Limbani: Poti nkhani yafika apa, ndiyankhule ine amene ndinali mkati. Zaka zinayi ndinali ndi kashopu kobena mafilimu ndi nyimbo ku Area 23. Munthu amabwera ndi fulashi kapena memory card, ndimamudzazira mafilimu khumi pa ndalama yochepa kuposa ya minibasi yopita m'tauni. Sindimadziona ngati wakuba, ndimaona kuti ndikusaka ya ndiwo, ndipo anthu amandithokoza. Za Hollywood sizimandipweteka mtima mpaka lero, chifukwa ngakhale munthu akanafuna kulipira, akanalipira kuti? Bandulo yoonera filimu imodzi pa intaneti ndi yodula, magetsi akhoza kuzima filimu ili pakati, ndipo malo oonerako filimu yatsopano tsiku limene yatuluka ndi osowa. Koma chimene chimandivuta ndi mafilimu a Amalawi anzathu. Nawonso ndimabena. Filimu ikangotuluka, sabata yomweyo ili m'kompyuta mwanga, ndipo mwini wake sanalandirepo kanthu kuchokera kwa ine.

Tiyamike: Achimwene a Limbani, zikomo poyankhula chilungamo. Ine zimenezo zinandigwera. Ndinasewera nawo filimu ina yaing'ono zaka zitatu zapitazo, sinditchula dzina. Tinajambula miyezi iwiri, kumapeto kwa sabata kokhakokha chifukwa tonse tinali ndi ntchito zina. Zovala tinabweretsa zathu, nsima timasonkherana, kamera yobwereka. Tinagwirizana kuti tidzagawana filimu ikagulitsidwa. Tisanaionetse n'komwe, mnzanga wa ku Likuni anandiimbira kuti wandiona pa foni ya mlongo wake. Ndinasangalala tsiku limodzi, tsiku lachiwiri ndinalira. Mpaka lero anthu amandizindikira mu minibasi, koma ndalama ya sopo kuchokera mu filimu ija sindinaionepo.

Limbani: Pepani achemwali. Mwina inadutsanso m'manja mwanga.

Tiyamike: Zinapita achimwene, sindikusungirani chakukhosi. Ndimangofuna anthu adziwe kuti kuseri kwa fulashi kuli anthu.

Chisomo: Nkhani imeneyi ikundikumbutsa chilonda changa chakale. Ine kwathu ndi ku Kasungu, kufupi ndi kwa Wimbe. The Boy Who Harnessed the Wind itatuluka pa Netflix mu Malichi 2019 tinasangalala kwambiri, chifukwa ndi nkhani ya William Kamkwamba, mwana wa kwathu, ndipo njala ya 2001 ndi 2002 imene ili mmenemo ine ndinaiona ndi maso, tinadya gaga ndi zikhawo. Anajambula konkuno, minda ndi yathu, fumbi ndi lathu, gule wamkulu ndi wathu. Koma anthu atatsegula pakamwa, agogo anga anandifunsa kuti akuyankhula chiyankhulo chanji. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal wokulira ku France. Bambo ake, a Trywell, anali Chiwetel Ejiofor, wotsogolera filimuyo mwini wake. Chichewa chawo ndimachita kuwerenga mawu achizungu apansi kuti ndimve. Malawi yense analibe mnyamata wa zaka 14 wodziwa kusewera?

Mphatso: Achemwali a Chisomo, ndikumva ululu wanu koma tisamuponde kwambiri Ejiofor. Akanatha kuijambula ku South Africa, m'Chizungu chokhachokha, ndipo palibe akanamufunsa. Anasankha kubwera ku Kasungu, anaphunzira Chichewa mmene akanathera. Komanso Lily Banda, Mmalawi mnzathu, anasewera Annie, mlongo wake wa William, ndipo dziko lonse linamuona.

Chisomo: Ndiye mfundo yanga ndi yomweyo. Lily Banda akayankhula umamva kuti uyu ndi wathu, mawu akuchokera m'mimba. Zikuonetsa kuti luso lilipo. Bwanji osapatsa Amalawi mbali zikuluzikulu zonse?

Thoko: Chifukwa filimu ija sanapangire agogo anu, Chisomo. Ndikunena izi mopanda chipongwe. Amene amalipira Netflix mwezi ndi mwezi ali ku London, ku New York, ku Johannesburg, ndipo kwa iwo Chichewa chokhota ndi chowongoka n'chimodzimodzi. Dziko la UK mpaka linaitumiza ku Oscar ngati filimu yawo ya chiyankhulo chakunja. Wopereka ndalama amafunsa kuti dzina liti likopa anthu olipira, safunsa kuti ndani akutchula bwino "ndiwo". Tikanakhala msika wolipira, akanaopa kutikhumudwitsa.

Chisomo: Ndiye tizingolandira?

Thoko: Sindinatero. Taonani Black Panther ya 2018. Chiyankhulo cha ku Wakanda, dziko lopeka la mu filimuyo, chinali Chixhosa, ndipo chinalowamo chifukwa cha John Kani, amene ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho. Munalinso Lupita Nyong'o wa ku Kenya, Danai Gurira amene anakulira ku Zimbabwe. Inapeza zoposa $1.3 biliyoni. Ku South Africa, ku Nigeria, ku Kenya kuli nyumba zoonetsera zimene matikiti ake amawerengedwa, ndiye mayiko amenewo ali ndi mawu, ngakhale ang'onoang'ono.

Amalume a ku Kawale: Mu Black Panther imeneyo munalinso magazi athu, ambiri simudziwa. Mayi Connie Chiume, amene anali mmodzi wa akuluakulu a ku bwalo la mfumu, anabadwira ku South Africa koma bambo awo anali a ku Usisya ku Nkhata Bay. Anatisiya mu Ogasiti 2024. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Chisomo: Izi sindimadziwa amalume, zikomo.

Yamikani: Inenso ayi. Ndikaoneranso usiku uno kuti ndiwaone bwino.

Yamikani: Koma poti mwatchula Black Panther, a Marvel omwewo anakana kuika munthu wina pa T'Challa, mfumu ya mu filimuyo, Chadwick Boseman amene ankasewera mbaliyo atamwalira mu 2020. Apo analemekeza wakufa. Pa Iron Man akulephera bwanji?

Mphatso: Zosiyana amwene. Boseman anamwalira zenizeni, Downey ali moyo. Ndipo Black Panther yachiwiri, Wakanda Forever, yopanda iye inatsika kufika cha m'ma $860 miliyoni. Zimenezo anaziona ndipo anazilemba.

Mphatso: Ine filimu imene yandipatsa chiyembekezo ndi Sinners ya Ryan Coogler, yotuluka mu Epulo 2025. Si yachiwiri ya kanthu, si ya m'mabuku a zithunzi, ndi nkhani yatsopano ya anthu akuda ku Mississippi mu 1932, Michael B. Jordan akusewera mapasa onse awiri. Inapangidwa ndi ndalama za m'ma $90 miliyoni, yadutsa $360 miliyoni. Chachikulu n'chakuti Coogler anagwirizana ndi Warner Bros kuti pakatha zaka 25 filimuyo idzakhala yake. Munthu wakuda kukhala mwini wa ntchito yake ku Hollywood si nkhani yaing'ono.

Tiyamike: Anatha kunena zimenezo chifukwa anali ndi manambala m'manja. Ife tikapita kwa makampani kukapempha thandizo amatifunsa kuti filimu yanu yapita inaoneredwa ndi anthu angati, timangoti ambiri. Ambiri si nambala.

Thoko: Tiyamike wagunda pamutu penipeni. Ndikupatseni zitsanzo ziwiri zimene zimandisowetsa tulo. Ne Zha 2, katuni ya ku China yotuluka kumayambiriro kwa 2025, yadutsa $2 biliyoni, ndipo pafupifupi ndalama yonseyo ndi ya anthu a ku China omwe. Sinadikire America kuti iivomereze. Mwina muti China ndi yaikulu, chabwino, tiyeni ku Nigeria. A Tribe Called Judah ya Funke Akindele inatuluka mu Disembala 2023, ndipo inakhala filimu yoyamba ya Nollywood kudutsa 1 biliyoni naira pakhomo. Mukaisintha kukhala madola si ndalama yoti Hollywood ingatembenuke, koma ndi nambala yolembedwa, yoti mayi uja akhoza kupita nayo kubanki. Ndipo anthu a ku Nigeria amenewo nawonso anayambira pa matepi ndi ma CD obedwa ngati ife.

Yamikani: Koma asisi, tinene zoona, mafilimu athu ena ndi ovuta kuonera. Mawu samveka, galu akuuwa kumbuyo, nkhani ya ufiti ndi chibwenzi yomweyomweyo. Munthu ndilipire chifukwa chachisoni?

Chisomo: Ena, osati onse. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017 imene Malawi inatumiza ku Oscar. Joyce Mhango Chavula anapanga filimu yotchedwa Lilongwe, dzina la mzinda wathu uno, inapambana mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Fatsani ya Gift Sukez Sukali nayonso inatumizidwa ku Oscar. Mwa zimenezi waonerapo zingati, Yamikani?

Yamikani: Fatsani yokha.

Chisomo: Unalipira?

Yamikani: Ayi.

Tiyamike: Za mawu osamveka ndikuvomereza, inenso zimandichititsa manyazi. Koma dziwani chifukwa chake. Chojambulira mawu chabwino ndi munthu wochidziwa zimafuna ndalama tsiku lililonse lojambula. Ukakhala ndi ndalama yochepa umayamba ndi kamera, chifukwa popanda chithunzi palibe filimu, mawu n'kumati tidzakonza. Ndiye galu uja amalowa. Filimu yoyamba ikanabweza mpamba, yachiwiri ikanakhala ndi mawu abwino. Koma yoyamba imathera pa fulashi, ndiye yachiwiri imayambanso pa ziro, ndi ngongole pamwamba.

Limbani: Ndiwonjezerepo kuchokera mbali yanga. Anyamata obena si adani okha, ndiwo njira imene filimu imafikira ku Mtandire, ku Kauma, ku Mgona, kumene kulibe amene angapite ku hotela kukaonera. Opanga mafilimu akanabwera kwa ife kuti tengani filimu iyi, pa kope iliyonse mundipatse chakuti, ambiri tikanavomera. Koma timangokumana nawo tsiku limene abwera ndi apolisi. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso lilipo, la 2016, COSOMA iliponso, koma lamulo lokha silingafike pa kompyuta iliyonse ya mu Lilongwe.

Thoko: Maganizo amenewo ndi abwino, vuto ndi kuwerengera. Ndani adzadziwa kuti wabena makope 50 osati 10?

Limbani: Palibe, koma 10 yolipidwa ikuposa 50 yaulere.

Mphatso: Komanso mitengo ya tsiku loyamba kuonetsa imakhala yokwera. Amakachitira m'mahotela kapena ku BICC, anthu kuvala masuti, tikiti ya munthu mmodzi ndalama ya ndiwo za sabata. Bwanji sabata yotsatira osakaonetsa m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi ku Area 25, ku Kawale, ku Likuni, pa mtengo wa anthu wamba? Pulojekita imodzi, jenereta, munthu pakhomo ndi buku la malisiti.

Amalume a ku Kawale: Zimenezo ndi mavidiyo athu akale aja, kungoti ndalama ikupita kwa mwini filimu. Anthu a kuno kulipira pakhomo sanayambe akanapo, timalipira mpira, timalipira zisudzo, timalipira oimba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikupempha a admin, filimu ya Amalawi ikadzalengezedwa kuti ikuonetsedwa mu mzinda uno, gulu lino tidzapite pamodzi, aliyense ndi tikiti yake m'manja.

Mphatso: Ndalemba amalume. Tingachite chonchi: aliyense wofuna aziponya kangachepe mwezi ndi mwezi, ikalengezedwa tigule matikiti nthawi imodzi, mwina atichotsereko poti ndife ambiri. Asisi a Thoko asunge buku.

Thoko: Buku ndisunga, koma ndalama zikhale kwa anthu awiri, osati ine ndekha. Ndipo ndizidzaika chiwerengero pagulu pano mwezi ukatha.

Chisomo: Ine ndilipo, ndi mng'ono wanga.

Limbani: Inenso. Kompyuta ija ndikadali nayo, mafilimu a Amalawi amene ali mmenemo ndichotsa usiku uno. Achemwali a Tiyamike, ngati amene anapanga filimu yanu ija akadali nayo yabwinobwino, afunseni ngati angalole tiionetse ife a gulu, tilipire pakhomo.

Tiyamike: Ndiwaimbira mawa. Anasiya za mafilimu, pano akugulitsa zipangizo za galimoto, koma ndikukhulupirira kuti anaisunga.

Yamikani: Mundilembe nane. Koma Doomsday ikadzatuluka ndidzaonerabe, ndikufuna ndidzaone ngati adzavule chigobacho.

Amalume a ku Kawale: Tsiku loonera la Tiyamike likhale Loweruka masana, usiku maso anga savomera kuyenda. Ndipo wina wa galimoto adzanditenge pa msika wa Kawale.

Mphatso: Ndidzakutengani ine amalume. Amene sanalembetse aike dzina pansipa lisanafike Lachisanu.